Tikiti, Sikelo ndi Mzere

Aliyense amene anakulira ku Chigwa cha Shire amaudziwa mgwazo. Kapitao amakupimira ndime m'mawa. Ukaimaliza waweruka, ukalephera tsikulo silako. Poyamba malipiro otere amamveka achilungamo, pakuti wakhama adya zambiri ndipo waulesi adya zochepa. Koma ine ndikamalondola mbiri ya kwathu ku Ngabu, ndimapeza funso limene kapitao sakonda kulimva: kodi muyesowo anaukhazikitsa ndani, nanga akuwerengayo ndani?

Tiyambe ndi msonkho. Dziko lino litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, boma la atsamunda linaika msonkho wa nyumba wa masheleni 3. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 linauwirikiza kukhala masheleni 6 kwa munthu amene sanagwire ntchito kwa Mzungu mwezi umodzi. Chomwecho mwezi unasanduka muyeso, ndipo umboni wake unali kapepala kotchedwa tikiti. Tsono mwezi wa pa tikiti sunali mwezi wa kumwamba uja. M'minda ya Azungu kumtunda, monga wa A. L. Bruce ku Magomero, tsiku linkachongedwa pokhapokha mgwazo utatha, kotero kuti munthu ankatha masabata ochuluka akusaka masiku a mwezi umodzi. Bungwe lofufuza limene linakhala pansi John Chilembwe ataukira mu 1915 linamva madandaulo amenewa. Ngakhale mawu akuti thangata, amene kale ankanena za kuthandizana pa mudzi, anaipitsidwa m'minda yomweyi.

Anthu a kuchigwa anali ndi pothawira pawo, ndipo pothawirapo panali thonje. Amang'anja ankalima ndi kuwomba thonje Azungu asanafike. David Livingstone analiona yekha pokwera mtsinje wa Shire mu 1859. Pamene bungwe la British Cotton Growing Association, lokhazikitsidwa ku Manchester mu 1902, linamanga makina otonolera thonje ku Chiromo ndi ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, mlimi anaona njira yokhomera msonkho osapita kwa kapitao. Anapulumuka ku tikiti nakakumana ndi sikelo. Mu 1923 boma linapatsa bungwelo mphamvu yogula lokha thonje la alimi achikuda. Wogula mmodzi yemweyo ndiye ankanena mtengo, ndiye ankapima kulemera, ndiyenso ankagamula ngati thonjelo ndi loyera kapena lothimbirira.

Elias Mandala, m'buku lake la mu 1990 lonena za ntchito ndi ulamuliro m'chigwachi, akufotokoza mmene madzi a Shire anakwerera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ndi kumiza madimba amene ankabala thonje lochuluka. Ulimiwo unasamukira kumtunda kodalira mvula, ndipo dothi lakuda la makande la ku Ngabu linayamba kutchuka. Mu 1968 kunayamba chitukuko cha thonje cha Chikwawa ndi ngongole ya World Bank, ndipo Ngabu inasanduka likulu la alangizi, mankhwala ndi mipope yopopera. Mu 1971 ADMARC inalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board, nikhala wogula yekhayo.

Apa ndipo pamene ndifuna tichedwepo. Pa msika thonje linali ndi magiredi awiri, A ndi B. Kuti lifike pa A, banja linkakhala pa mphasa masiku ambiri likuchotsa zinyalala ndi kupatula lothimbirira. Ine ndinaigwira ntchito imeneyi ndili mwana, pamodzi ndi amayi ndi alongo anga, ndipo ndikudziwa mmene imapwetekera msana ndi maso. Sikelo siinkaona masiku amenewo. Siinkaona mtunda wokatunga madzi opopera mankhwala, ngakhale mtolo wosenza kupita nawo kumsika. Inkaona kulemera basi, ndipo pa ndalama yotulukapo ngongole ya mankhwala inkayamba yachoka. Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen anaonetsa mu 1982 kuti mitengo imene ADMARC inkapatsa alimi ang'onoang'ono inali yotsika kwambiri poyerekeza ndi imene inkagulitsira kunja, ndi kuti phindulo linkapita kukakuza minda ikuluikulu ya fodya. Mlimi wa ku Ngabu ankayesa kuti akudzigwirira yekha, chonsecho anali pa mgwazo wopanda kapitao wooneka.

Wina angati izi ndi za khasu, ife ophunzira sizitikhudza. Tiyeni tione ntchito ya m'ofesi imene kwathu kuno siinazike mizu, poti sing'anga wa pa chipatala cha Ngabu amalemba yekha m'kabuku ka wodwala. Ku America kunakula ntchito ya anthu otayipa mawu a madokotala. Dokotala akaona wodwala ankalankhula m'makina ojambula mawu, ndipo wotayipa, kawirikawiri mayi, ankamvetsera ndi kulemba lipoti. Makampani ambiri ankalipira pa mzere, ndipo mzere anaupima kuti ndi zilembo 65. Panabuka mkangano wakuti kodi mipata ya pakati pa mawu iwerengedwe kapena ayi, pakuti kuichotsa kunkadula malipiro ngakhale zala zagwira ntchito yofanana. Panalinso chiwerengero cha mizere choti munthu akwanitse pa tsiku, pamodzi ndi lamulo loti asalakwitse koposa magawo 2 pa 100. Nthawi yobwereza mawu a dokotala wolankhula mong'ung'udza, kapena yofufuza kalembedwe ka dzina la mankhwala, siinkalowa m'chiwerengero. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ntchitoyi inayamba kutumizidwa ku India ndi ku Philippines, kumene mzere unali wotchipa. Makompyuta ozindikira mawu atafika, otayipa ambiri anasanduka okonza zolakwa za makinawo, ndipo mtengo wa mzere unatsitsidwanso. Wofulumira ndiye ankapeza bwino, chikhalirecho dzina la mankhwala likalakwika wopwetekeka ndi wodwala.

Mayi wotayipa uja ndi amayi anga pa mphasa sanaonanepo, koma onse ankagwira ntchito yosamalitsa imene muyeso sunkaiwerenga, ndipo onse ankalangidwa akaisiya.

Ambiri a ife tikachoka pano tidzakhala mbali ya wogwira sikelo. Ena tidzayang'anira minda ndi maofesi. Ena tayamba kale kupimira aganyu mizere m'minda ya makolo athu nthawi ya tchuthi. Sindikunena kuti mgwazo uthe, pakuti waganyu mwini amaukonda akafuna kuweruka msanga. Ndikungopempha kuti tsiku limene chingwe chopimira chidzakhale m'manja mwathu, tidzamlole wolimayo agwire nsonga inayo ndi kuwerenga nafe pamodzi.