Makutu athu, kucokela ku nthenga ya ambuya mpaka ku ma earphone

Ife a pa wailesi timakhala maola ambili ma headphone ali ku makutu. Tikatuluka mu situdiyo usiku, nthawi zina kaphokoso kakuti nziii kamatipelekeza mpaka kunyumba. Kaphokoso kameneka ndi kamene kanatipangitsa kufunsa kuti, kodi makolo athu anali kutaya bwanji kumva, nanga ife tikutaya bwanji? Yankho lake lakhala likusintha m'badwo ndi m'badwo.

M'nthawi ya ambuya athu, mdani wamkulu wa khutu anali matenda a ubwana. Cikuku cinali kuyenda mudzi ndi mudzi, ndipo mwana amene wapulumuka nthawi zambili anali kutsala ndi khutu lotuluka mafinya. Matenda oumitsa khosi anali kutseka makutu onse awili m'masiku ocepa. Cithandizo ca panyumba cinali nthenga ya nkhuku, mafuta ofunditsa, kapena madzi a masamba ofinyila m'khutu. Anali kucita zimenezi mwacikondi, koma palibe amene anali kuona mkati. Mafinya akamatuluka, nthawi zambili ndiye kuti kang'oma ka m'khutu kabooka, ndipo ciliconse cothilamo cimalowa mpaka mkati mwenimweni. Ana ambili amene anali kumenyedwa kuti ndi a nkhutukumve anali cabe ana osamva bwino. Sukulu ya ana ogontha ya ku Magwero, pafupi ndi Chipata, inayamba m'zaka za m'ma 1950 pa mishoni ya Dutch Reformed Church, pamene panali kale sukulu ya akhungu.

Mdani waciwili anabwela m'botolo la mankhwala. Mu 1820 akatswili awili a ku France, Pelletier ndi Caventou, anapatula kwinini ku makungwa a mtengo wa cinchona. David Livingstone anali kuyenda naye m'maulendo ake, ndipo malangizo ake anali akuti wodwala malungo amwe kwinini mpaka makutu ayambe kulila. Kulila kwa makutu ndiye kunali sikelo yake. Funsani amai kapena atate amene anagonapo m'cipatala ndi maleliya aakulu, adzakuuzani mmene mau a anthu anali kumvekela ngati akucokela m'citsime. Mwamwai, vuto la kwinini nthawi zambili limatha munthu akasiya kumwa.

Streptomycin ndiye analibe cifundo cotelo. Anapezeka mu 1943 ku America, m'labotale ya Selman Waksman, ndi wophunzila wake Albert Schatz, ndipo anali mankhwala oyamba kugonjetsa cifuwa ca TB. Koma iye ndi abale ake monga kanamycin amapha tumaselo tokhala ngati ubweya mkati mwa khutu, tumene tumasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Tumaselo tumenetu tukafa situmelanso. TB itaculuka pamodzi ndi HIV m'zaka za m'ma 1990, anthu ambili anapatsidwa nyeleti zimenezi tsiku ndi tsiku kwa miyezi. Moyo unapulumuka, koma ena anatuluka m'cipatala osamvanso mau a ana ao. Mu 2018 bungwe la WHO linalangiza kuti kanamycin asiye kugwilitsidwa nchito pa TB yosamva mankhwala, cifukwa panali patapezeka mapilisi ena abwino monga bedaquiline.

Kusintha kwakukulu kunabwela mwakacetecete, kudzela pa khadi ya under five. Mu 1974 WHO inayambitsa nchito yofikitsa katemela kwa ana a maiko onse. Mu September 1978, pa msonkhano wa ku Alma-Ata, maiko anagwilizana kuti cithandizo ciyenela kuyambila pafupi ndi kumene anthu akukhala, osati m'zipatala zazikulu zokha. Amai amene anali kuima pa mzele ku kiliniki ya m'komboni, mwana kumsana, khadi m'manja, anali kuteteza makutu a mwanayo osadziwa. Katemela wa cikuku anacepetsa makutu a mafinya. Mu 2013 Zambia inayamba kupeleka katemela wa cibayo, amene amalimbana ndi kacilombo kamene kamayambitsanso matenda a m'khutu ndi oumitsa khosi. Anesi anaphunzitsidwa kuuza makolo kuti khutu la mafinya lipukutidwe ndi kansalu koyela kopota, katatu pa tsiku, ndipo musalowe madzi kapena mafuta. Ku Lusaka, cipatala ca Beit CURE cinatsegulidwa mu 2006, ndipo pamodzi ndi UTH cimathandiza odwala makutu, mphuno ndi pakhosi.

Manje tafika pa ife. Mdani wa m'badwo wathu timagula tekha. Ma cotton bud anapangidwa ndi Leo Gerstenzang ku America m'zaka za m'ma 1920, ndipo anali a kusamalila makanda. Lelo mabokosi ambili amacenjeza kuti osalowetsa m'khutu, koma ndani amawelenga? Amene alibe amagwilitsa nchito kamtengo ka machisa, civinikilo ca bopeni kapena kiyi ya nyumba. Phula la m'khutu si dothi. Limagwila fumbi ndi tizilombo, ndipo limatuluka lokha pang'onopang'ono tikamatafuna ndi kulankhula. Tikatokosa timalikankhila mkati, limauma, khutu limatsekeka, ndipo dzanja likatelela kang'oma kamabooka.

Mu 1979 kampani ya Sony inatulutsa Walkman, nyimbo zinacoka pa tebulo n'kulowa m'khutu mwenimweni. Foni yamaliza nchitoyo. WHO ikuti acinyamata oposa 1 biliyoni ali pa ngozi ya kuonongeka makutu cifukwa ca kumvela zinthu mokweza kwambili. Phokoso limapha tumaselo tomwe tuja tumene streptomycin anali kupha. Kusiyana kwake n'kwakuti odwala TB analibe kocitila, pamene ife timakweza voliyumu tekha mu minibasi, ndipo pa kicheni pati timasankha kuvinila pafupi ndi sipika.

Mbili imeneyi ikutiphunzitsa cinthu cimodzi cimene sicinasinthe: khutu limaonongeka popanda kupweteka kwambili, ndipo munthu amazindikila mocedwa. N'cifukwa cake kupimitsa kuli kofunika. Tsiku la 3 March caka ciliconse ndi lokumbukila za kumva pa dziko lonse, ndipo WHO ili ndi app yaulele yochedwa hearWHO yoyesela makutu pa foni. Mukapita kukapimitsa BP, shuga kapena HIV, pemphani kuti akuunikeni m'makutu ndi katochi kao, sizitenga nthawi. Khutu likatuluka mafinya kapena magazi, likatupa kumbuyo, kapena likatsekeka mwadzidzidzi, pitani ku kiliniki tsiku lomwelo. Mwana akafika zaka ziwili osachula mau, kapena ngati satembenuka mukamuitana kumbuyo, musayembekezele kuti adzalankhula akakula.

Kuno ku situdiyo tagwilizana kuti voliyumu ya ma headphone isapitilile pa 60 pelesenti, ndipo ola likatha timavula pang'ono. Kaphokoso kaja kakali kubwela kwa ena a ife, ndipo awili tapangana kukapimitsa mwezi uno.