Mau a Woyendetsa Ndege m'Cigwa ca Luangwa

Omvera akale akumbukila wailesi ya "Saucepan" ya 1949, imene inali kugwira mau a ku Lusaka ngakhale kutali ku migodi, pakuti mafunde ace anali kugunda kumwamba ndi kubwerera pansi. Wailesi ya m'ndege, dzina lace VHF, sitero ai. Mau ace ayenda molunjika monga kuunika kwa nyali ya m'mgodi: thanthwe likatsekereza, athera pomwepo.

Bwalo la ndege la Mfuwe lili pansi m'cigwa, pafupi ndi South Luangwa, nkhalango imene inakhala National Park mu 1972, ndipo kumadzulo kwace kuli mapiri a Muchinga. Tsono kandege kouluka m'munsi kakaona tsoka, a pabwalo angalephere kukamva.

Pofuna kupulumutsa otere, maiko anapatula nambala 121.5 pa wailesi. Pamenepo woyendetsa apfuula "Mayday" katatu, mau amene anabvomerezedwa mu 1927, ndipo ndege ina yapamwamba ikamva, ipereka uthengawo. Kuyambira 1982 masetilaiti nawonso amva tizipangizo tolira tokha ndege ikagwa. Komabe nzeru yakale sinathe: wofuna kumveka, akwere m'mwamba nthawi ikalipo.