Pamene Nthaka Inaleka Kupuma

Abale ndi alongo otsogolera makalasi, nthawi yokolola timayesa ulimi poyang'ana nkhokwe. Komatu nkhokwe imanena za caka cimodzi cokha. Mbiri ya dziko lathu itipatsa muyeso wina: mlimi akamwalira, kodi mdzukulu wake adzapeza ciani pa munda umenewo?

Makolo athu analibe feteleza, koma njira anali nazo. Munda ukaguga ankausiya tsala zaka zingapo, chire n'kubwerera. Potema mitengo ankasiya zitsa, pakuti citsa ca mombo cimaphukanso. M'munda umodzi ankasakaniza mapira kapena cimanga ndi nyemba, nandolo ndi maungu. Nyemba ndi nandolo zimabwezera conde m'nthaka, pamene masamba a maungu amaphimba dothi kuti mvula isalikokolole. Mtengo wa nsangu, umene umayoyola masamba m'dzinja, unkasiyidwa pakati pa munda. Ku nkhalango ya kumanda nkhwangwa siinkalowa wamba, ndipo mbalame ndi mitengo ya mankhwala zinkapulumukira kumeneko. Tisawayese angelo makolowo ai: osaka mbewa ankatentha chire kalenso. Ndiponso tsala linkatheka cifukwa anthu anali ocepa, malo ali ambiri.

Mu 1938 boma la Apwitikizi linakhazikitsa bungwe loyang'anira thonje, ndipo mabanja ambirimbiri, makamaka kumpoto kwa Mozambique, anakakamizidwa kulima mbewuyi. Akapitao ankayeza munda, asipayo n'kumalondera, wolephera n'kulawa mbalamatodya. Thonje limadya nthaka, ndiponso limafuna kupalira pa nthawi imene minda ya cakudya ikudikira khasu. Ambiri anathawira ku cinangwa, poti sicifuna nchito yambiri. Mu 1951 njala inapha anthu ku Mogovolas, cigawo ca Nampula. Lamulo lokakamiza linathetsedwa mu 1961, nthaka itatopa kale.

Ufulu utabwera mu 1975, boma linasonkhanitsa anthu m'midzi ikuluikulu yokhalira pamodzi, kuti sukulu ndi cipatala zikhale pafupi. Colinga cinali comveka, koma anthu ataculuka pamalo amodzi, minda yapafupi inalimidwa caka ndi caka, nkhuni n'kumapita kutali. Kenaka kunadza nkhondo, imene inatha pa 4 Okutobala 1992 ndi pangano la ku Roma. Anthu pafupifupi 1,000,000 anali atathawira ku Malawi.

Apa pali cinthu cowawa kucinena. Obwerera kwao ku Angónia ndi kwina anapeza minda itasanduka chire, ndipo zaka zoyamba cimanga cinabereka bwino popanda feteleza. Pamenepo n'kuti kutsidya, kumene anakhala mothithikana monga ku Dedza ndi ku Ntcheu, mitengo itacepa kwambiri. Anthu anali omwewo, makasu omwewo. Cosiyana cinali cimodzi: kuno nthaka inapuma, uko ai. Levitiko 25 amalamula kuti munda upume caka cacisanu ndi ciwiri. Minda yathu inapuma cifukwa ca mfuti, ndipo sabata lotere sitilifunanso.

Lero sitingabwerere ku tsala la zaka zambiri, pakuti tacuruka, ndipo makala ndi zigafa za fodya zikudya mitengo. Koma kusakaniza mbewu, kusiya zitsa ndi nsangu, kukwirira mapesi m'malo moatentha, izi n'zotheka ngakhale pa kamunda kakang'ono.

Nchito yanu nayi. Itanani gogo mmodzi m'kalasi, afotokoze kumene kunali matsala, madimba ndi nkhalango za mudzi, ndi zimene zinkamera kumeneko. Ophunzira alembe maina a mitengo ndi a mitsinje, ngakhale dzanja likunjenjemera. Lamulo la Malo la 1997 linavomereza kuti umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi ungatsimikize ufulu wao wogwiritsa nchito malo. Umboni umenewo uli m'mitu ya okalamba athu. Tiulembe akali moyo.