Nick Bosa: luso, kuvulala ndi chiganizo chosiya timu ya yunivesite

Nicholas John Bosa, wodziwika kuti Nick Bosa, ndi katswiri wa mpira wa ku America yemwe anabadwa pa 23 Okutobala 1997 mumzinda wa Fort Lauderdale, m'chigawo cha Florida. Anasewera mutimu ya yunivesite ya Ohio State kuyambira 2016 kufika 2018 ngati wotchinga wa pamzere wakutsogolo, ndipo mu 2019 timu ya San Francisco 49ers inamutenga kuti akasewere muligi yaikulu ya NFL. Kupatula luso lake, Bosa amakumbukiridwa ndi chiganizo chimene anapanga mu Okutobala 2018, pamene atavulala anasiya sukulu ndi timu yomwe sizoni ili mkati, pofuna kuteteza thupi lake ndi tsogolo lake pamasewerawa.

Ntchito ya wotchinga wa pamzere

Mpira wa ku America ndi wosiyana ndi mpira wamiyendo. Mpira wake ndi wooneka ngati dzira, amaunyamula kapena kuuponya ndi manja, ndipo timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe kutsogolo mayadi 10, womwe ndi mtunda wopitirira pang'ono mamita 9. Ikalephera, mpira umapita kwa adani.

Kumbali ya timu yotchinga, osewera atatu kapena anayi amaima moyang'anizana ndi zimphona za timu inayo. Amenewa ndiwo otchinga a pamzere. Bosa amasewera kumapeto kwa mzerewo, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kudutsa womutsekereza n'kukagwetsa wosewera woponya mpira, wotchedwa quarterback, asanaponye. Kugwetsa kotereku amakutcha sack, ndipo akamugwetsa anthu awiri, aliyense amalembedwa theka. Chiwerengero cha ma sack ndicho muyeso umene matimu amayang'ana kwambiri pa wosewera wa pamalo amenewa.

Malowa ndi owononga thupi. Nthawi iliyonse mpira ukayambika, wotchinga amanyamuka ali chowerama n'kuwombana ndi munthu wolemera makilogalamu 140 kapena kupitirira, kwinaku akupotoza chiuno ndi kutsamira pabondo limodzi kuti amuzungulire. Bosa ndi wamtali pafupifupi masentimita 193 ndipo amalemera pafupifupi makilogalamu 120. Mawondo, chiuno ndi minofu ya m'munsi mwa mimba ndizo zimasenza mphamvu yonseyo.

Banja la osewera

Bosa anabadwira m'banja lodziwa kukoma ndi kuwawa kwa masewerawa. Bambo ake, John Bosa, anasewera pamalo omwewo ku Boston College ndipo timu ya Miami Dolphins inawatenga m'chigawo choyamba cha kasankhidwe ka 1987. Anangosewera zaka zitatu zokha, ntchito yawo n'kuthera pa kuvulala mawondo. Malume ake, Eric Kumerow, anasewera ku Ohio State ndipo nawonso anatengedwa ndi Dolphins mu 1988. Mkulu wake, Joey Bosa, anatchuka ku Ohio State komweko ndipo anali wachitatu kusankhidwa mu 2016, pamene anapita ku San Diego Chargers.

Nick anaphunzira pasukulu yasekondale ya St. Thomas Aquinas ku Fort Lauderdale, kumene ankawerengedwa m'gulu la achinyamata aluso kwambiri m'dziko lonse la America. Chakumapeto kwa 2015, ali m'chaka chomaliza, mtsempha wa mkati mwa bondo lake lakumanja, umene madokotala amautcha ACL, unang'ambika pang'ono ndipo anachitidwa opaleshoni. Mtsemphawu ndi umene umagwira fupa la ntchafu ndi la mwendo kuti bondo lisaterereke munthu akatembenuka mwadzidzidzi. Ukaduka, wosewera amatenga miyezi isanu ndi inayi kapena chaka asanabwerere m'bwalo.

Zaka za ku Ohio State

Bosa anafika ku Columbus, kumene kuli yunivesite ya Ohio State, mu 2016, mphunzitsi wa timuyo ali Urban Meyer. Anavala nambala 97, imene mkulu wake ankavala. Ngakhale ankachokera ku opaleshoni ndiponso ankagawana nthawi yosewera ndi akuluakulu anzake, m'chaka choyamba anagwetsa quarterback kasanu. Mu 2017 chiwerengerocho chinakwera kufika 8.5, ndipo ligi ya mayunivesite ya Big Ten inamusankha kukhala wotchinga wa pamzere wopambana onse m'chakacho.

Pofika 2018, akatswiri ambiri ounika osewera ankamuika pamwamba penipeni pa amene akanalowa mu NFL chaka chotsatira. Malamulo a ligiyo salola wosewera kulowa zisanathe zaka zitatu chitsirizireni sekondale, choncho Bosa anayenera kudikira mpaka Epulo 2019. Anayamba sizoniyo ndi moto: m'masewero atatu oyamba, olimbana ndi Oregon State, Rutgers ndi TCU, anali atagwetsa kale quarterback kanayi.

Kuvulala kwa mu 2018

Pa 15 Sepitembala 2018, Ohio State inakumana ndi TCU pabwalo la AT&T Stadium ku Arlington, m'chigawo cha Texas. Mpira utangoyambiranso kuchokera kopumulira, Bosa anavulala akuthamangira quarterback ndipo anatuluka m'bwalo. Timu yake inapambana 40-28, koma amenewo anali masewero ake omaliza ku yunivesite. Madokotala anapeza kuti minofu ya m'munsi mwa mimba ndi ya m'mphechepeche, imene imakumana pafupa la kutsogolo kwa chiuno, inang'ambika. Minofu imeneyi ndiyo imalumikiza mphamvu ya miyendo ndi ya chifuwa, ndipo ikavulala wosewera sangathe kunyamuka mwaliwiro kapena kupotoza thupi. Patapita masiku ochepa anachitidwa opaleshoni ku Philadelphia.

Poyamba panali chiyembekezo choti abwerera sizoni isanathe. Koma pa 16 Okutobala yunivesite inalengeza kuti Bosa wasiya sukulu kuti aike mtima pa kuchira ndi kukonzekera kulowa mu NFL. Anachoka ku Ohio State atagwetsa quarterback maulendo 17.5 m'zaka zitatu.

Chiganizocho chinagawa anthu. Otsatira timu ena ankati wataya anzake pa nthawi imene ankalimbirana chikho cha dziko lonse, ndipo mawu awo anakula pamene Ohio State inagonja 49-20 kwa Purdue patangopita masiku anayi. Kugonja kumeneko kunali kokhako m'sizoni yonse, koma kunachititsa kuti timuyo isalowe m'gulu la matimu anayi olimbirana chikhocho. Ena ankati mnyamatayo waganiza bwino. Pa nthawiyo malamulo a bungwe la NCAA, limene limayendetsa masewero a m'mayunivesite, sankalola osewera kulandira malipiro, kupatula thandizo la maphunziro, malo ogona ndi chakudya, pamene bwalo la Ohio State limalowa anthu opitirira 100,000 olipira pakhomo. Kubwerera msanga kukanaika pachiswe mgwirizano wa madola mamiliyoni ambiri umene unkamudikira.

Mantha amenewa anali ndi maziko. Mu 2010, Da'Quan Bowers wa ku yunivesite ya Clemson, wosewera pamalo omwewo, anaposa onse m'dzikomo ndi ma sack 15.5 ndipo ankayembekezeka kukhala m'gulu la oyamba kusankhidwa. Nkhawa za matimu pa bondo lake, limene linachitidwa opaleshoni, zinamutsitsa mpaka pa nambala 51 mu 2011. Nayenso Jaylon Smith wa ku Notre Dame anavulala bondo pa 1 Januwale 2016, m'masewero ake omaliza a ku yunivesite, olimbana ndi Ohio State yomweyo, ndipo anatsika mpaka pa nambala 34. Popeza malipiro a wosewera watsopano mu NFL amatengera nambala imene wasankhidwira, kutsika kotere kumatanthauza kutaya ndalama zankhaninkhani.

Kulowa mu NFL ndi kuvulala kwina

Chaka chilichonse matimu 32 a NFL amasankha osewera a m'mayunivesite mosinthana, kuyambira ndi matimu amene anachita moipa sizoni yapitayo. Asanasankhe, amayesa osewerawo liwiro ndi mphamvu ku Indianapolis, kumenenso madokotala a matimu amawapima. Kumeneko Bosa anathamanga mayadi 40 m'masekondi 4.79, zimene zinaonetsa kuti wachira. Pa 25 Epulo 2019, mumzinda wa Nashville, 49ers inamutenga pa nambala 2, pambuyo pa Kyler Murray yemwe anapita ku Arizona Cardinals. Mgwirizano wake woyamba unali wa zaka zinayi, wa madola opitirira 33 miliyoni.

M'chaka choyamba anagwetsa quarterback maulendo 9, anasankhidwa kukhala wotchinga watsopano wopambana onse, ndipo timu yake inafika mundime yomaliza ya Super Bowl, kumene inagonja 31-20 kwa Kansas City Chiefs. Pa 20 Sepitembala 2020, akusewera ndi New York Jets, mtsempha wa ACL wa bondo lake lakumanzere unaduka, sizoni n'kuthera pomwepo atangosewera kawiri. Anabwerera mu 2021 ndi ma sack 15.5, ndipo mu 2022 anaposa onse muligi ndi 18.5 n'kulandira mphoto ya wotchinga wopambana m'chakacho. Mu Sepitembala 2023 anasaina mgwirizano wa zaka zisanu wa madola 170 miliyoni, umene pa nthawiyo unali waukulu kuposa wa wotchinga wina aliyense m'mbiri ya ligiyo. Mu Sepitembala 2025, m'masewero olimbana ndi Arizona Cardinals, ACL ya bondo lakumanja inadukanso, ndipo sizoni yake inatha msanga kachiwiri chilowereni mu NFL.

Zimene zasintha m'mayunivesite

Bosa asanachoke, osewera ena otchuka monga Christian McCaffrey ndi Leonard Fournette anali atakana kale kusewera masewero otsekera sizoni ya 2016 poopa kuvulala. Kusiya timu mu Okutobala, chikho chikanali poti n'kuchipeza, kunali kwachilendo kwambiri. Ku Ohio State malo ake anadzazidwa ndi Chase Young, yemwe nayenso anasankhidwa pa nambala 2 mu 2020. Kuyambira pa 1 Julayi 2021, NCAA imalola osewera a m'mayunivesite kupeza ndalama kudzera m'dzina lawo ndi zithunzi zawo, monga potsatsa malonda, mwayi umene Bosa analibe pamene ankapanga chiganizo chake.