Lipenga la malume ndi mabadza a mganda

Sendera kuno kumoto, mdzukulu wanga, mphepo ya Juni kuno ku Chongoni sichedwa kulowa m'mafupa. Wati kusukulu mwaphunzira za Arban, Mfalansa woimba koneti uja, amene anatulutsa buku lophunzitsira lipenga mu 1864, nakhala mphunzitsi wa chida chimenechi ku Paris Conservatoire mu 1869. Ndamva. Nafenso tinali naye wathu, kungoti analibe buku.

Lipenga la mkuwa linafika kuno ndi asilikali. Gulu la Keyala linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo likulu la asilikali athu linali ku Zomba. Nkhondo ya 1914 itabuka, mfuti zinalira ku Karonga, ndipo amuna ambiri m'midzimu anagwidwa utengatenga, kusenza katundu wa nkhondo mpaka kudziko la Majeremani kumpotoko. Amene anabwerako anabwera ndi mapazi ong'aluka, komanso ataona perete ndi bandi. Poyerekeza zimenezo, Ayao anakometsa beni, Atonga kunyanja malipenga, ife kuno mganda.

Malume anga anapita nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, nakafika ku Burma. Ntchito yawo inali kuliza lipenga: lodzutsa anthu m'mamawa, loitanira kuchakudya, lotsitsira mbendera, ndi lija loperekezera mnzawo kumanda. Pobwerera lipengalo anawalanda, poti chaboma sichipita kumudzi. Anafika ndi bulangete, nsapato ndi khutu lakuthwa basi.

Chaka chomwecho anabzala mphonda kuseri kwa khola. Zitakhwima anasankha zamakosi aatali, naziumitsa, nachotsa njere, naziboola. Pabowo laling'ono ankamatapo mvema, kansalu koyera kaja kangaude amafunditsira mazira ake pakhoma. Ndiye badza limenelo. Silifuna kufinya milomo ngati lipenga ayi. Umaimbiramo ndi kukhosi, mvema n'kumanjenjemera, mawu n'kutuluka okhuthala ngati njuchi zili mumphika. Timabadza tating'ono tinkatenga mawu okwera, zikuluzikulu zija zinkagunda pansi.

Sukulu yawo inali pabwalo, madzulo, anthu atakolola. Ankatiimika m'mizere, wamfupi kutsogolo. Nyimbo ankayamba aiimba pakamwa, ife n'kuvomera, mpaka itakhazikika. Badza unkaligwira pambuyo pake. Wina akaphonya sankafunsa kuti ndani. Ankangoyenda kumbuyo kwa mzere, khutu lili tcheru, n'kudzaima pa iwe. Mawu awo anali amodzimodzi: "Mphwanga, ukamadzimva wekha, dziwa kuti wasiya anzako."

Ine tsiku lina ndinauzira mwamphamvu pofuna kuti atsikana andimve, mvema n'kuphulika. Sanandikalipire. Anangondituma kukasaka wina, ndipo ndinatha masiku awiri ndikusuzumira m'nkhokwe ndi m'makhonde a eni, agalu akundiuwa. Kuchokera apo ndinadziwa kusunga mpweya.

Gulu lathu tinkalitcha boma, ndipo linali ndi kingi wake ndi maudindo ena onga a kuusilikali. Mudzi wina ukatiitana, tinkachapa makabudula oyera, masokosi ofika m'mawondo, kampango m'manja. Ng'oma yaikulu ikagunda, fumbi koboo, amayi nthungululu, thobwa lili m'mitsuko. Pamenepo malume ankatseka maso n'kuimba okha kachigawo kawo pa badza laling'ono. Ndinazindikira nditakula kuti kanali kaimbidwe kaja ka kumanda a asilikali, koma iwo atakafulumizitsa kuti anthu avinire.

Zojambula za makolo pamiyala ya ku Chentcherere zilipobe, ndipo mu 2006 a UNESCO anazilemba m'kaundula wawo, malo 127 m'dera lonseli. Za malume palibe mwala umene unazisunga. Zatsala m'khosi mwangamu, ndipo mpweya wayamba kuchepa. Anyamata a lero pabowo paja amamatapo pepala la pulasitiki. Limalira ndithu, koma mouma.

Mawa ulawirire. Patsindwi la khitchini pali mphonda ziwiri zouma, ukazitsitse. Kangaude ukamusaka wekha.