Timawu ta pansi pa dzina la kosi

Mayunivesite akamalengeza malo m'nyuzipepala masiku ano, amakhala akulankhulanso ndi munthu amene ali kale pantchito: mphunzitsi, namwino, wa kubanki, wa ku Capital Hill. Amamulonjeza digiri yachiwiri, ija timangoti masters, osasiya ntchito. Pansi pa dzina la kosi pamakhala timawu ting'onoting'ono, ndipo timeneti ndi timene timalamula mmene munthu akhalire zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazo.

Wikendi sivuta kumva. Loweruka muli m'kalasi, mwina Lamulungu lomwe, ndipo zinkhoswe ndi maukwati zimangokudutsani. Imakomera okhala m'tauni momwe muli sukuluyo. Block release ndi ina: mumachoka kuntchito sabata imodzi kapena ziwiri, kuphunzira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kenaka n'kubwerera kwanu mutasenza ntchito yolemba. Wa ku Chitipa kapena ku Nsanje njira yomuthekera ndi imeneyi, koma imafuna bwana womvetsa. Kodi masikuwo achotsedwa pa tchuthi chanu, kapena mwapatsidwa study leave? Ngati akuntchito akulipirirani fizi, pamabwera bond, pangano loti mukamaliza mugwirebe pomwepo zaka zakutizakuti, apo ayi mubweze ndalama. ODeL ndi kuphunzira muli kwanu, njira imene UNISA ya ku Pretoria inatchuka nayo kalekale. Kuno mtengo wake weniweni ndi bandulo ndi magetsi.

Koma mawu amene ine ndimafuna anthu ataaganizira kwambiri ndi coursework ndi dissertation. Coursework ili ndi tsiku, kalasi, anzanu a pagulu la WhatsApp okukumbutsani za mayeso. Ikatha, gululo limazizira. Mumatsala ndi supavaiza mmodzi kapena awiri, amene nawonso ali ndi makalasi awo ndi ophunzira ena ambiri. Mulembe proposal, kufotokoza chimene mukufuna kufufuza ndi mmene mufufuzire. Ngati kafukufukuyo akukhudza anthu, mudikire chilolezo cha komiti yoona kuti anthuwo sakulakwiridwa, monga ya ku KUHeS. Mukatero mupite kukasonkhanitsa data, ndi ndalama za m'thumba mwanu, pa masiku opempha. Kumapeto kuli kudifenda, kuima pamaso pa akadaulo n'kuyankha mafunso pa zimene munalemba. Pa gawo limeneli palibe belu lokuitanani. Munthu waweruka faifi koloko, wakwera minibasi, ana agona, ndiye atsegule laputopu n'kupeza mutu wachiwiri wabwerera uli psuu ndi ndemanga. Apa ndi pamene anthu anzeru ndithu amatitimira, ena mpaka nthawi yololedwa kutha. Masukulu ena amapereka postgraduate diploma kwa womaliza coursework yokha, koma si onse, choncho funsani musanalipire kobiri loyamba. Funsaninso kuti supavaiza mmodzi amayang'anira anthu angati.

Pali mawu enanso awiri amene amasokoneza: registered ndi accredited. Bungwe la NCHE limalembetsa sukulu kuti igwire ntchito, koma kuvomereza kuti kosi yakutiyakuti yafikapo ndi nkhani ina, ndipo limaunika kosi iliyonse payokha. Sukulu ikhoza kukhala m'kaundula pamene masters imene mukuifunayo isanavomerezedwe. Bungwe lomweli ndi limene limaunikanso mapepala ochokera kunja, kotero amene akuganiza zolembetsa pa intaneti ku sukulu ya ku Britain kapena ku India ayambe wafunsa kumeneko.