Kazembe John Burroughs: Kuchokera ku Washington Kufika ku Lilongwe

Anthu a ku Masambanjati ndi madera ozungulira minda ya tiyi ya ku Thyolo amaidziŵa bwino mishoni ya Malamulo. Koma ndi ochepa amene amakumbukira kuti mtsogoleri wake woyamba anali munthu wakuda wa ku America, a Thomas Branch, amene anafika m'chaka cha 1902. Boma la atsamunda linkaŵakayikira Amereka akuda, poganiza kuti adzautsa mitima ya eni dziko. M'chaka cha 1907 a Branch anachotsedwa ndipo m'malo mwao munaloŵa mzungu.

Patapita zaka 74, dziko la America linatumiza munthu wina wakuda kuno, osati ngati mmishonale koma ngati kazembe wolankhulira boma lonse. Ameneyu anali a John Burroughs.

A Burroughs anabadwira mu mzinda wa Washington m'chaka cha 1936. Pa nthaŵiyo ana akuda ndi ana achizungu a mumzindawo sankaphunzira sukulu imodzi, ndipo khoti lalikulu linathetsa mchitidwewu mu 1954, iwo ali kale mnyamata wamkulu. Anapita ku yunivesite ya Iowa kumene anaphunzira za ndale ndi kayendetsedwe ka boma, namaliza mu 1959. Kumeneko anatchukanso pa mpira wa Chimereka, uja wonyamula m'manja ndi kugwetsana.

Ntchito ya boma anaiyambira pansi zedi, kuunika mapepala a anthu ofuna mapasipoti. Pambuyo pake anakhala zaka zambiri akuyang'anira kuti anthu akuda ndi amayi asamasalidwe polembedwa ntchito kapena pokwezedwa m'maudindo. Ntchito yotere sibweretsa abwenzi ambiri, pakuti imafuna kufunsa akuluakulu mafunso amene iwo safuna kumva.

Mu 1981 Pulezidenti Ronald Reagan anaŵatuma ku Malaŵi, ndipo anakhala kuno mpaka 1984. Malo amene anafikawo anali ovuta kuyendapo. Kuyambira 1967 boma la Dr. Kamuzu Banda linali pa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa, pomwe maiko ena a Afirika anali atalikana. Ngakhale likulu la Lilongwe, kumene kazembeyu ankagwirira ntchito, linamangidwa ndi chithandizo cha ngongole yochokera komweko. Munthu amene anakulira m'tsankho anayenera kusunga ubwenzi ndi boma limene linkadyera mbale imodzi ndi atsankho.

Chovuta chenicheni chinali kutsogolo. Mu 1985 anatumizidwa ku Cape Town kukatsogolera ofesi ya America mumzindamo, pa nthaŵi imene malokesheni a anthu akuda anali pa moto ndipo malamulo a dzikolo ankagaŵabe malo okhala potsata khungu. Anakhalako zaka zitatu.

Kuchokera kumeneko anakakhala kazembe ku Uganda kuyambira 1988 mpaka 1991. Anamwalira m'chaka cha 2014.